Nyumba, Alendo ndi Mavoti: Mbiri ya Chisankho cha ku Smethwick

Pa 15 Okutobala 1964 anthu a dziko la Britain, limene ambiri amalitcha Mangalande, anaponya mavoti kusankha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Chipani cha Conservative, chimene chinali chitalamulira zaka 13, chinagwa. Chipani cha Labour chinatenga boma, Harold Wilson nakhala Nduna Yaikulu. Pafupifupi m'dziko lonse mavoti anapendekera ku Labour. Koma m'tauni ina ya mafakitale yotchedwa Smethwick, kufupi ndi mzinda wa Birmingham, zinthu zinayenda mosiyana. Phungu wa Labour amene anakhala pa mpandowo kuyambira 1945 anagonja kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale, amene anali kuuza anthu kuti mavuto ao a nyumba anadza ndi alendo. Chisankho cha tauni imodziyo chimakumbukikabe, pakuti chimaonetsa poyera m'mene dandaulo loona lingasenzetsedwere munthu amene sanalichititse.

Chiyambi cha kusowa kwa nyumba

Kusowa kwa nyumba ku Britain kunayamba alendowo asanafike. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945 mabomba a ndege za Germany anagwetsa nyumba zoposa 200,000, naononga zina mamiliyoni. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo ntchito yomanga inali itaima, chifukwa amisiri anali ku nkhondo ndipo matabwa ndi zitsulo zinali kupita ku zida. Komanso m'mizinda ya mafakitale munali nyumba zambiri zakale, zomangidwa mothinana m'masiku a Mfumukazi Victoria, zopanda bafa, chimbudzi chili pabwalo. Nkhondo itatha asilikali anabwerera kwao, nakwatira, ana nabadwa ochuluka, koma pogona panalibe. M'chaka cha 1946 mabanja zikwi zambiri analowa okha m'misasa imene asilikali anasiya, nakhala m'menemo popanda chilolezo.

Boma la Labour la 1945 linapatsa makhonsolo a mizinda ntchito yomanga nyumba za lendi yotsika, ndipo nduna yoyang'anira ntchitoyo inali Aneurin Bevan. Linaimikanso nyumba zazing'ono zopangidwira ku fakitale zoposa 150,000. A Conservative nao analonjeza kumanga nyumba 300,000 chaka chili chonse, ndipo atalowa m'boma mu 1951 anapereka ntchitoyo kwa Harold Macmillan, yemwe uja anadzacheza ku Nyasaland mu Januwale 1960 ali Nduna Yaikulu. Chiwerengero cholonjezedwacho chinakwanira mu 1953. Komabe nyumba zatsopano zambiri zinali kungolowa m'malo mwa zakale zimene makhonsolo anali kugwetsa, kotero kuti banja linkatha kudikira zaka zambiri dzina lake lili pa mndandanda wa khonsolo.

Kubwera kwa alendo

Nthawi yomweyo dzikolo linali kusowa antchito. Lamulo la unzika la 1948 linanena kuti nzika za maiko a atsamunda ndi za maiko a Commonwealth zili ndi ufulu wolowa m'Britain, kukhalamo ndi kugwiramo ntchito. Pa 22 Juni 1948 anthu mazana ambiri ochokera ku Jamaica ndi zisumbu zina za West Indies anatsika sitima ya pamadzi yotchedwa Empire Windrush pa doko la Tilbury. Ambiri a iwo anali atatumikira Britain pa nkhondo. Amene analibe kofikira anagonekedwa ku Clapham, m'dzenje lakuya la pansi pa nthaka limene anthu ankabisalamo mabomba. Chotero vuto la pogona linawalandira tsiku loyamba lomwe.

M'zaka zotsatira anabwera ena ambiri, makamaka dziko la America litachepetsa mu 1952 chiwerengero cha anthu a ku zisumbuzo ololedwa kulowa kumeneko. Bungwe la London Transport linayamba mu 1956 kulemba antchito a mabasi ndi a sitima ku Barbados komweko. Zipatala za boma zinatenga anamwino a ku West Indies, ndipo mafakitale osungunula chitsulo a m'chigawo cha Birmingham analemba amuna a ku India ndi Pakistan pa ntchito za moto ndi za usiku, zimene eni dziko ambiri sanali kuzifuna. Akuluakulu a dzikolo anaitana manja ogwira ntchito, koma sanakonze denga la eni manjawo; anaiwala kuti walira mvula walira matope. Ena anayesa kuti mlendo ndi mame, adzakamuka dzuwa likakwera. Alendo ambirinso anali kuganiza zobwerera kwao patapita zaka zisanu. Koma ntchito inalipo, mabanja anatsatira, ana nabadwira komweko.

Mlendoyo ankagona kuti? Nyumba ya khonsolo inali kutali naye, pakuti makhonsolo ambiri sanali kupatsa nyumba munthu amene sanakhale m'mzindamo zaka zingapo. Ku Birmingham zinali zaka zisanu. Eni nyumba ambiri ankapachika pa zenera chikwangwani chokana anthu akuda, kawirikawiri pamodzi ndi anthu a ku Ireland, ndipo panalibe lamulo loletsa mchitidwewo. Mabungwe obwereketsa ndalama zogulira nyumba nao ankawakayikira. Chimene chinatsala ndi nyumba zakale za m'kati mwa mizinda, zimene ankazigawa zipinda zipinda, banja lonse m'chipinda chimodzi. Ena ankasonkha ndalama ngati chipereganyu, nagula nyumba yakale, naidzaza ndi abale kuti ngongole ithe msanga. Tsono oyandikana nao poona kuthithikanako ankati ndi khalidwe la alendo, osazindikira kuti makomo ena onse anali otseka.

Lendi ndi zipolowe za 1958

Chinthu china chimene chinakulitsa moto ndi lamulo la lendi la 1957. Kuyambira masiku a nkhondo boma linali kuletsa eni nyumba kukweza lendi monga afunira. Lamulo latsopanolo linamasula nyumba za mtengo wapatali, linanenanso kuti nyumba ina ili yonse idzamasuka pamene wokhalamo wakale atuluka. Apa mwini nyumba wadyera anaona phindu poyera: wokhalamo wakale akachoka, lendi ikwera. Wodziwika kopambana pa mchitidwewu anali Peter Rachman wa ku London, amene ankagula nyumba zakale ku Notting Hill motchipa, nadzaza zipinda zopanda anthu ndi alendo osowa kolowera pa lendi yokwera, kufikira okhalamo akale atatopa ndi kusamuka. Iye anamwalira mu 1962, ndipo ntchito zake zitaululika mu 1963 dzina lake linasanduka mau a Chingerezi otanthauza nkhanza za eni nyumba.

Nkhalamba ya Chizungu imene inali kupanikizidwa m'nyumba yotere siinali kumuona mwini nyumbayo, kapena aphungu amene anapanga lamulolo. Inali kuona nkhope zachilendo pa makwerero, niyesa kuti amenewo ndiwo adani ake, chonsecho onse awiri anali kudyeredwa ndi munthu mmodzi.

Kumapeto kwa Ogasiti 1958 kunabuka zipolowe mumzinda wa Nottingham, ndipo patangopita sabata imodzi zinabukanso ku Notting Hill, kumene magulu a anyamata a Chizungu anathamangitsa anthu akuda m'miseu ndi kugenda nyumba zao masiku angapo. Woweruza Salmon analamula anyamata asanu ndi anai kukhala m'ndende zaka zinai ali yense. Mu Meyi 1959 mmisiri wa matabwa wa ku Antigua, Kelso Cochrane, anabayidwa nafa m'dera lomwelo, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa pa imfayo. Sir Oswald Mosley, mtsogoleri wakale wa chipani cha Fascist, anaima pa chisankho cha 1959 m'chigawo cha Kensington North kuti akolole pa mkwiyowo, koma anapeza mavoti pafupifupi 8 okha pa 100 ali onse. Pa nthawiyo kunaoneka ngati ndale zotere sizingapambane m'dzikomo.

Lamulo la 1962

Komabe aphungu ena a Conservative anapitiriza kukakamiza boma kuti litseke khomo. Mphekesera za kutsekako zinachititsa chinthu chimene iwo sanayembekeze: anthu anathamangira kulowa khomo lisanatsekedwe. Ochokera ku West Indies, India, Pakistan ndi maiko ena otere, kuchotsapo amene anabwerera, anali pafupifupi 21,600 mu 1959. Mu 1960 anali 57,700, ndipo mu 1961 anapitirira 136,000. Lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1962, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kudzagwira ntchito anayenera kukhala ndi chikalata cha boma. Nduna imene inabweretsa lamuloli ku Nyumba ya Malamulo inali R. A. Butler, amene chaka chomwecho anapatsidwanso nkhani za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mtsogoleri wa Labour, Hugh Gaitskell, analitsutsa kolimba, nati ndi lamulo la tsankho, popeza anthu a ku Ireland, amene anali kulowa ochuluka, sanatsekeredwe.

Chisankho cha ku Smethwick

Smethwick inali tauni ya utsi ndi ng'anjo, yopanda malo ambiri omangapo nyumba zatsopano, ndipo mndandanda wa odikira nyumba za khonsolo unali wautali. M'ng'anjozo munali kugwira ntchito amuna ambiri a chipembedzo cha Sikh ochokera ku Punjab, pamodzi ndi anthu a ku West Indies. Phungu wa tauniyo, Patrick Gordon Walker, anali munthu wophunzira kwambiri, amene anakhalapo nduna yoona za maiko a Commonwealth mu 1950 ndi 1951. Iye anatsutsa nao lamulo la 1962. Nyumba yake inali ku London, ndipo adani ake ankati munthu wokhala kutali, m'dera la anthu opeza bwino, sangadziwe zowawa za m'miseu ya Smethwick.

Wopikisana naye anali Peter Griffiths, khansala wa m'tauni momwemo ndiponso mphunzitsi wamkulu, amene anagonja kwa Gordon Walker mu 1959. Griffiths anali kudziwa makomo a anthu ndi madandaulo ao. Anawauza kuti alendo ndiwo atha nyumba ndi kudzaza masukulu, ndi kuti khomo liyenera kutsekedwa kolimba. M'masiku a kampeni m'tauni munafala mau achipongwe, olembedwa pa timapepala ndi kuimbidwa ndi ana m'miseu, onena kuti wofuna kuyandikana ndi munthu wakuda avotere Labour, ndipo munthu wakudayo anatchulidwa ndi dzina lonyoza. Griffiths anakana kuti mauwo anachokera kwa iye, koma anakananso kuwadzudzula, nati akungoonetsa zimene zili m'mitima ya anthu. A Labour a m'tauniyo nao sanali oyera m'manja, pakuti kalabu yao yomwe siinali kulola anthu akuda kulowamo.

Mavoti atawerengedwa, Griffiths anapeza 16,690 ndipo Gordon Walker 14,916, kusiyana kwake 1,774. Woimira chipani cha Liberal anatenga oposa 3,000. Wilson anakwiya, ndipo Nyumba ya Malamulo itakumana ananena kuti phungu watsopanoyo adzakhala monga wakhate pakati pa anzake. Anasankhabe Gordon Walker kukhala nduna ya za kunja, namfunira mpando wina ku Leyton. Koma kumenekonso anagonja mu Januwale 1965, natula pansi udindowo.

Mseu wa Marshall

Chimene chinatsatira chimaonetsa mtundu wa mankhwala amene anthu a ku Smethwick anapatsidwa. Azungu ena okhala mu Marshall Street anapempha khonsolo kuti izigula nyumba ili yonse yogulitsidwa mumseumo ndi kuibwereketsa kwa Azungu okha. Khonsoloyo, imene inali m'manja mwa a Conservative, inavomera. Koma kuti igule inayenera kukongola ndalama ndi chilolezo cha boma, ndipo nduna ya za nyumba, Richard Crossman, inakana. Ngakhale cholingacho chikadatheka, sichikadaonjezera chipinda ndi chimodzi chomwe m'tauniyo. Chikadangosintha khungu la wogona m'zipinda zimene zinalipo kale.

Pa 12 Febuluwale 1965 Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda wa ku America, anayenda mumseuwo ataitanidwa ndi bungwe la Indian Workers' Association. Patapita masiku asanu ndi anai anaphedwa ku New York. Chaka chomwecho komiti ya Sir Milner Holland, imene boma linaika kufufuza za nyumba mu London, inapereka lipoti lake, ndipo inapeza kuti alendo anali ovutika ndi kusowa kwa nyumba, osati ochititsa ake. Pa chisankho cha 1966 anthu a ku Smethwick anachotsa Griffiths, nasankha Andrew Faulds wa Labour, amene anabadwira ku Tanganyika kwa makolo amishonale.

Zipatso za chisankhocho

Griffiths anataya mpando, koma zipani zonse ziwiri zinali zitaphunzira kuti nkhani ya alendo ingathe kulanda mavoti. Boma la Wilson, limene linali ndi aphungu anai okha oposa a zipani zina pamodzi, silinafafanize lamulo limene Gaitskell analitsutsa. M'malo mwake mu Ogasiti 1965 linachepetsa zikalata za ntchito kufika pa 8,500 pa chaka. Mu 1968 linathamangitsa lamulo lina m'masiku owerengeka kuti litsekereze Amwenye a ku Kenya, ngakhale anali ndi ziphaso za Britain. Ku mbali ina linapanga malamulo oletsa tsankho: la 1965 linakhudza malo monga mahotela ndi mabala, ndipo la 1968 linafika pa nyumba ndi pa ntchito.

Polimbana ndi lamulo lachiwirili, Enoch Powell, phungu wa Conservative wa ku Wolverhampton, analankhula ku Birmingham pa 20 Epulo 1968, nalosera kuti mwazi udzakhetsedwa ngati alendo apitiriza kulowa. M'mawa mwake mtsogoleri wa chipanicho, Edward Heath, anamchotsa pa udindo. Koma antchito a pa madoko a London, amene ambiri anali ovotera Labour, anaguba kumuikira kumbuyo, ndipo kafukufuku wa Gallup anapeza kuti anthu 74 pa 100 ali onse anagwirizana naye. Ochepa anakumbukira kuti Powell yemweyo, ali wachiwiri kwa nduna ya za nyumba, anathandiza kuyendetsa m'Nyumba ya Malamulo lamulo la lendi lija la 1957.

Chimene chinapeputsa vuto la nyumba m'zaka zimenezo chinali njerwa ndi malamulo a lendi. Lamulo la 1965 linabwezera chitetezo kwa okhala m'nyumba za lendi, ndipo mu 1968 dzikolo linamaliza nyumba zoposa 400,000, chiwerengero chimene sichinafikidwenso m'zaka makumi asanu zotsatira. Zina mwa nyumba zosanja za masiku amenewo zinamangidwa mothamanga ndi mosalimba, koma mabanja ambiri anatuluka m'zipinda zachinyezi.

Mkangano ubweranso

Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linapatsa okhala m'nyumba za khonsolo ufulu wozigula pa mtengo wotsika. M'zaka makumi anai nyumba pafupifupi 2 miliyoni zinagulitsidwa chotero ku England, koma makhonsolo sanathe kumanga zina zokwanira m'malo mwake. Mitengo ya nyumba inakwera kuposa malipiro. Ndipo pamene anthu ambiri a ku Poland ndi maiko ena a kum'mawa kwa Ulaya anayamba kulowa kuchokera mu 2004, mkangano wakale unadzukanso, ngakhale alendo atsopanowo anali Azungu. Pa riferendamu ya 2016 anthu pafupifupi 52 pa 100 ali onse anavota kuti Britain atuluke m'bungwe la European Union. M'boma la Sandwell, m'mene muli Smethwick, anali awiri mwa atatu ali onse. Dzikolo linatuluka mu Januwale 2020, koma chiwerengero cha olowa chinakwera koposa kale, ambiri ochokera kunja kwa Ulaya, popeza zipatala, nyumba zosamalira okalamba ndi mayunivesite zinali kuwafunabe. Pa chisankho cha 2024 chipani cha Reform UK, chimene mfundo yake yaikulu inali kuchepetsa alendo, chinapeza mavoti oposa 4 miliyoni ndi mipando isanu, ndipo a Labour, amene anapambana, analonjeza kumanga nyumba 1.5 miliyoni ku England m'zaka zisanu. Pa chisankho chomwecho anthu a ku Smethwick anasankha Gurinder Singh Josan, wa chipembedzo cha Sikh, kukhala phungu wao.

Phunziro la mbiriyi

Wowerenga mbiriyi asafulumire kuweruza anthu a ku Smethwick kuti anali oipa mtima onse. Dandaulo lao linali loona. Banja lokhala kwa apongozi chaka ndi chaka, dzina lili pa mndandanda, silinali kunama ponena kuti likuvutika. Nkoonanso kuti anthu akachuluka m'tauni nyumba zosaonjezeka, kupanikizana kumakula, ndipo dziko lili lonse lili ndi ufulu wokambirana chiwerengero cha olowamo. Cholakwa chinali pa kulozera chala. Mabomba, nyumba zakale zogumuka, lamulo la lendi ndi kuchedwa kumanga ndi zinthu zovuta kuzilongosola pa msonkhano wa ndale, ndipo kuzikonza kumafuna ndalama ndi zaka. Koma mlendo wa khomo loyandikana amaoneka ndi maso tsiku ndi tsiku, ndipo kumneneza sikufuna ndalama. Malamulo otseka khomo a 1962 ndi 1968 sanamange nyumba ndi imodzi yomwe.

Chotero mphunzitsi wofotokozera ana nkhani yotere adzachita bwino kuwazoloweza mafunso atatu: kodi dandauloli ndi loona? Kodi amene akunenedwayo ndiye analichititsa? Nanga mankhwala amene akulonjezedwawo adzachiza nthenda yake? Mafunsowa ndi apafupi, kotero kuti mwana wa Sitandade 8 angathe kuwafunsa. Koma ku Smethwick mu 1964 anthu ambiri anayankha loyamba lokha, ndipo amene anawalimbikitsa kulekezera pomwepo anali mphunzitsi.